Kodi silabasiyi anailembera mwana uti?

Tadala: Anzanga muli bwanji nonse? Chiyambireni TP, nthawi yathu yoyeserera kuphunzitsa m'sukulu, ndakhala chete, koma lero mtima wakana. Pepani, ndilemba zazitali.

M'kalasi mwanga muli mnyamata wina amene amakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera. Kope lake ndi laukhondo kuposa la mwana wina aliyense. Chilichonse chimene ndalemba pa bolodi amakopera, ngakhale kamzere kamene choko chasiya pothyoka iye amakajambulanso. Aphunzitsi amene ndinawapeza m'kalasimo anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti "uyo musavutike naye, mutu wake sugwira." Ine ndinangovomera, ndinali mlendo.

Dzulo ana akutuluka ndinamuitana atandifulatira kuti adzatenge kope lake. Ndinaitana katatu, osacheuka. Mnzake atamukoka malaya anatembenuka, ndipo maso ake anapita pakamwa panga. Ndinabwereza zomwe ndinanena, iye akuyang'anabe milomo yanga, kenako anabwera. Mwanayu sakumva bwino. Masabata atatu onsewa ndakhala ndikufotokoza phunziro nkhope ili ku bolodi, iye akuonera msana wanga.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi ichi. Ku koleji tinaphunzira za maphunziro ophatikiza, oti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo, mayeso ake ndinakhoza bwino. Pa fomu ya lesoni pulani pali kabokosi kumunsi ka ana ofunika chithandizo chapadera. Tsiku lililonse ndakhala ndikulembamo kuti "palibe." Usiku watha ndinatsegula silabasi n'kumaiwerenga ndi maso ena. Imati mwana amvetsere nkhani, ayankhe pakamwa, akawerenge kunyumba. Mwana amene silabasiyo ikumuganizira ndi womva, woona, wodziwa kale chilankhulo cha m'buku, ndipo kwawo kuli nyali ndi nthawi. Ana otere m'kalasi mwanga mwina safika ndi theka lomwe. Ndiye ndikufunsa: silabasiyi anailembera mwana uti? Nanga ife amene sitinalandire n'komwe satifiketi, tili ndi pakamwa pofunsira zimenezi?

Pemphero: Eee Tada, mpaka ndachita tsemwe. Kabokosi kameneko nanenso ndimalembamo "palibe."

Yamikani: Tada, usadziimbe mlandu. Ine ana anga alipo 94, piriyodi ndi mphindi 35. Gawa wekha, mwana mmodzi sapeza ngakhale theka la mphindi. Za kuphatikizazi n'zokoma pa pepala, analemba anthu okhala m'maofesi amene sanagwirepo choko. Iwe maliza sikimu, lekichara akabwera akupatse malikesi ako, ulandire pepala. Zosintha dziko tidzaziona tikadzalembedwa ntchito.

Tadala: Yami, kumutembenukira mwana polankhula kumadya mphindi zingati?

Yamikani: Kumeneko sikudya kanthu. Koma mawa upeza wina wosaona bwino, mkuja wina wachibwibwi, kenako wina amene sadziwa chilankhulo chophunzitsira. Uthera pati? Munthu mmodzi sungakhale aphunzitsi asanu.

Madalitso: Yamikani, poti wati analemba anthu a m'maofesi, tiye tinene kumene zinachokera. Mu June 1994 ku Salamanca, m'dziko la Spain, maboma 92 ndi mabungwe 25 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti sukulu ndiyo isinthe kuti mwana akwanemo. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo gawo 24 likunena za maphunziro. Pangano limenelo anthu aulumali eniake analimenyera nkhondo ndipo anakhala nawo pa zokambirana zake. Mu 2016 komiti yoyang'anira panganolo inasiyanitsa zinthu zinayi: mwana kumutsekera kunja kwa sukulu, kumuika pa sukulu ya yekha, kumulowetsa m'kalasi wamba popanda kusintha chilichonse, ndi kusintha kaphunzitsidwe kuti aphunzire pamodzi ndi anzake. Mnyamata wa Tadala ali pa chachitatucho. Pa kaundula wa sukulu amawerengedwa kuti alipo, basi.

Yamikani: Profesa wafika. Ku Salamanca kuja anatumizako mabenchi?

Madalitso: Sanatumize, ndipo pamenepo sindikutsutsa. Mayiko ambiri anasaina mapangano osaikapo ndalama. Koma ngati boma lalephera mbali yake, mlandu tiukankhire mwana wa sitandade 5?

Chifundo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ena a inu mukudziwa kuti ine sindimva, ena mwina ayi poti pano timangolemberana. Makutu anga anatseka ndili ndi zaka 7 nditadwala kwambiri. Mnyamata wako, Tadala, ndikumudziwa ngakhale sindinamuonepo. Kope laukhondolo ndi pobisalira. Nanenso ndinkakopera chilichonse kuti aphunzitsi akamadutsa aone kuti ndikugwira ntchito asandifunse funso. Anzanga akaseka ndinkaseka nawo. Akaimirira ndinkaimirira. Zaka zitatu ndinakhala choncho, ndipo ndinabwereza kalasi kawiri.

Koma a Madalitso, pa mawu akuti kuphatikiza ine ndimayenda mosamala. Kumene ndinayamba kuphunzira zenizeni ndi pa sukulu ya ana osamva, imene pa mndandanda wanu uja ili pa nambala 2, ya tsankho. Kumeneko ndinaphunzira chilankhulo chamanja. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kukangana ndi munthu mpaka kumugonjetsa, ndi kumva nthabwala nthawi yomweyo osadikira wina andifotokozere anthu atasiya kale kuseka. Mukanditenga nthawi imeneyo n'kundibwezera m'kalasi la ana 90 omva popanda womasulira, mukanandipha kawiri.

Ife osamva tili ndi chifukwa chokayikira anthu omva akamatikonzera zabwino. Mu 1880 ku Milan, m'dziko la Italy, kunali msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva, pafupifupi onse anali anthu omva, ndipo anagamula kuti kuphunzitsa ndi pakamwa ndiko kwabwino kuposa manja. Zotsatira zake, m'mayiko ambiri chilankhulo chamanja chinachotsedwa m'sukulu, aphunzitsi osamva anachotsedwa ntchito, ana ankalangidwa akapezeka akulankhulana ndi manja. Msonkhano womwewo unadzakana chigamulocho poyera mu 2010 ku Vancouver, m'dziko la Canada. Patapita zaka 130. Ndipo anthu a ku Milan aja ankati akutithandiza kuti tifanane ndi anthu ena onse.

Madalitso: Achimwene, apa ndagonja. Ndinalemba ngati nkhani yake ndi yowongoka. Koma gawo 24 lomwe lija limanenanso kuti ana osamva aphunzire chilankhulo chamanja, ndipo aphunzitsidwe m'chilankhulo ndi pa malo powayenera.

Chifundo: Limanenadi. Kungoti anthu amawerenga mzere woyamba n'kutseka buku, kenako n'kutseka sukulu yapadera ati tasunga ndalama ndiponso taphatikiza.

Tadala: A Chifundo zikomo kwambiri, sindinadziwe kuti munadutsa m'zimenezi. Ndiye ine Lolemba ndichite chiyani? Chilankhulo chamanja sindichidziwa, ndipo ndikukayika ngati mwanayo amachidziwa.

Chifundo: Poti amayang'ana milomo ndipo amalankhula, ndiye kuti mwina akumva pang'ono kapena anasiya kumva atadziwa kale kulankhula. Choyamba makolo apite naye kuchipatala akamuone makutu. Ana ambiri vuto limakhala mafinya kapena phula lotseka khutu, zinthu zochizika. Usamutche dzina la matenda iwe, sindiwe dokotala.

M'kalasimo, lemba kaye, tembenuka, kenako lankhula. Usaime kutsogolo kwa zenera chifukwa nkhope yako imada, milomo sioneka. Usakuwe, kukuwa kumapotoza pakamwa. Mwana wina akayankha kumbuyo, bwereza yankho lake uli moyang'ana kalasi, apo ayi iye amangoona iwe ukugwedeza mutu osadziwa chimene wavomereza. Ndipo usaganize kuti kuwerenga milomo ndi kumva. Taima pa galasi unene kuti "moto" kenako "poto", kapena "mano" kenako "pano", osatulutsa mawu. Uona kuti pakamwa pakuchita chimodzimodzi. Ife timangolota kuchokera pa nkhani imene ikukambidwa, n'chifukwa chake mutu wa phunziro ndi mawu atsopano ziyenera kukhala pa bolodi usanayambe. Ntchito yolotayi imatopetsa koopsa. Ikamakwana 11 koloko mutu umakhala utatentha, ndiye aphunzitsi amati mwanayu ndi waulesi.

Pemphero: Ndayesadi pa galasi. Moto ndi poto n'chimodzimodzi, mwamuna wanga akundifunsa ngati zili bwino.

Mayi Nabanda: Ana anga, ndakuwerengani nonse. Ine choko ndachigwira zaka 27, ndipo ndinalowa pa gulu lino chifukwa ena mwa inu munadutsa m'manja mwanga pa TP. Tadala mwana wanga, wachita bwino kuona. Koma ndikuchenjeze pa chinthu chimodzi. Aphunzitsi amene anakuuza kuti mutu wa mwanayo sugwira, usapite kwa iwo ngati wapolisi. Iwe ukhala miyezi yochepa n'kuchoka, mwanayo atsala nawo. Ukawachititsa manyazi, mkwiyo wake ukathera pa mwana. Pita ukawafunse ngati wofuna nzeru: "Aphunzitsi, ndaona chakuti, kodi inu munazionapo? Tingatani?" Asiye nzeruyo ikhale ngati yawo.

Ndipo usawaweruze msanga. Nanenso ndinalakwirapo mwana. Mtsikana wachialubino ndinamukhazika kutsogolo ndithu, ndikudziyamikira kuti ndine mphunzitsi wabwino, koma pamalo pamene dzuwa la m'mawa linkamuwomba m'maso. Teremu yonse ankatsinzina, ine ndikuti akugona. Anadzandiuza ndi agogo ake. Chimene chinkafunika n'kumusuntha mabenchi awiri okha ndi kumulembera pa pepala zilembo zikuluzikulu. Ine sindinamufunsepo mwini wakeyo kuti ukuona bwanji.

Thokozani: Zikomo Mayi. Ine ndikufuna tibwerere ku funso loyamba la Tadala, chifukwa taterereka n'kupita ku ulumali kokha. Silabasi ikhoza kumusiya mwana panja ngakhale makutu ndi maso ake ali bwinobwino. M'kalasi mwanga muli ana a zilankhulo zitatu. Kamtsikana kena kanangofika kumene, chilankhulo chophunzitsira sikachidziwa. Pa masamu a pa bolodi kamakhoza, koma ndikapereka samu ya mawu kamangokhala. Tsiku lina mnzake anayamba kukamasulira monong'ona, ine pozolowera ndinakalipa kuti "phokoso!" Ndinadzazindikira madzulo kuti ndinaletsa phunziro lokhalo limene kamtsikanako kanalandira tsiku limenelo.

Madalitso: Nkhani ya chilankhulo ndi yakale kwambiri. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, inanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chilankhulo chake. Ku Nigeria, kuyambira 1970, Babs Fafunwa ndi anzake a ku yunivesite ya Ife anayesa kuphunzitsa ana maphunziro onse a pulayimale m'Chiyoruba kwa zaka 6, Chingerezi chikuphunzitsidwa ngati phunziro palokha. Anawo sanatsalire pa Chingerezi monga anthu ankaopera, ndipo pa maphunziro ena anachita bwino kuposa anzawo amene anasinthira ku Chingerezi msanga. Komanso tisaiwale kuti ana a ku Soweto, ku South Africa, amene anawomberedwa pa 16 June 1976 ankakana kuphunzira masamu ndi maphunziro ena m'Chiafrikaans. Anafera chilankhulo chophunzitsira.

Yamikani: Chabwino Profesa, ndiye Thoko aphunzitse m'chilankhulo chiti pa zitatuzo? Ukasankha chimodzi, awiri enawo wawasala. Ku Ife kuja ana onse anali a chilankhulo chimodzi, anali ndi mabuku owalembera mwapadera ndi aphunzitsi osulidwa bwino. Ndipo pita ukafunse makolo. Kholo losauka limafuna mwana wake adziwe chilankhulo cha mayeso ndi cha ntchito. Amene amalimbikitsa zilankhulo za makolo pa misonkhano, ana awo ali ku sukulu zolipira kumene amalankhula Chingerezi kuyambira ku mkaka. Ndinama?

Thokozani: Sunaname, ndipo zimandinyansa nanenso. Koma ine sindikunena zosintha lamulo la dziko. Ndikunena kuti mwana akamasulira mnzake ndisamutche wosokosera. Panopa ndinawakhazika pamodzi, ndipo mawu ofunika a phunziro timawalemba pa tchati m'zilankhulo zonse zitatu, ana eniake ndi amene amandiuza. Amandiseka ndikamatchula molakwika. Kamtsikana kaja tsiku loyamba kundilankhula n'kuti kakundikonza katchulidwe.

Yamikani: Funso langa la chilankhulo cha mayeso silinayankhidwe.

Thokozani: Silinayankhidwedi. Ndilibe yankho lake.

Madalitso: Pali mbali inanso ya funso la Tadala, ya zimene zili m'mabukumo. Sabata yatha ndimaphunzitsa mapu a dziko lonse. Mwana wina anafunsa kuti Greenland ndi Africa chachikulu n'chiti, poti pa mapu a pakhoma zikuoneka zofanana. Mapu amenewo ndi a kajambulidwe ka Gerardus Mercator ka mu 1569, anawakonzera oyendetsa zombo kuti asasochere pa nyanja, ndipo amakulitsa maiko a kufupi ndi nsonga za dziko. Kunena zoona Africa ndi wamkulu kuposa Greenland pafupifupi ka 14. Mercator sananame, ntchito imene anawapangira amaigwira bwino. Koma mwana amene wayang'ana mapu amenewo zaka 8 osauzidwa zimenezi amatuluka ndi chithunzi cholakwika cha kukula kwa kwawo. Ndinatenga mpira ndi pepala, ndinawauza akulunge mpirawo popanda kukwinya pepala. Analephera, ndipo anamvetsa okha chifukwa chake mapu aliwonse amapotoza kenakake.

Elliot Eisner, katswiri wa maphunziro wa ku America, ankati sukulu iliyonse imaphunzitsa zinthu za mitundu itatu: zolembedwa mu silabasi, zimene ana amatola pa kachitidwe ka sukulu ngakhale palibe anazilemba, ndi zimene zasiyidwa osaphunzitsidwa. Chachitatuchi chimaphunzitsanso, chifukwa mwana amaona kuti za kwawo m'buku mulibe ndipo amadziwerengera yekha tanthauzo lake.

Pemphero: Zosalembedwazo ndaziona. Nditawerenga uthenga wa Tadala ndinatenga buku lathu lowerenga n'kuyamba kuwerenga zithunzi. Dokotala, woyendetsa ndege, mfumu, wasayansi, onse amuna. Amayi alipo ambiri ndithu, koma ali ndi tsache, mwana kumsana kapena chidebe pamutu. Munthu wa pa njinga ya olumala alipo mmodzi m'buku lonse, pa mutu wa "kuthandiza ovutika", akukankhidwa. Ndiye mwana wolumala akadzifufuza m'buku amadzipeza ali phunziro la chifundo cha anzake.

Chifundo: Chimenecho chimandipweteka kuposa kusatchulidwa n'komwe. Bwanji osangojambula mwana wa ndodo zoyendera akugula sopo pa samu ya ndalama, nkhani n'kukhala ya chenji basi? Ndipo ana amaphunzira za anthu otulukira zinthu, koma ndani anawauzapo kuti zilembo za anthu osaona anazikonza ndi mnyamata wosaona wa zaka 15? Louis Braille, ku Paris, mu 1824, timadontho 6 tokha. Akuluakulu oona anazengereza nazo, mpaka sukulu yake yomwe inadzazivomereza mu 1854 mwini wake atamwalira kale zaka ziwiri.

Yamikani: Zonsezi ndikumva. Koma mayeso akubwera. Pepala likafunsa kuti anatulukira mathithi a Victoria ndani, mwana wako akalemba kuti "anthu ankakhala kale kumeneko", alakwa. Walephera chifukwa cha nzeru zako. Mwana wa munthu wolemera akalephera ali ndi pogwira, wa mlimi alibe. Ndiye amene akumukonda mwana wosauka ndani, ine womuphunzitsa za mayeso kapena inu?

Mayi Nabanda: Yamikani mwana wanga, funso lako ndi la munthu woganiza, ngakhale umalifunsa mwamwano. Ndikuuze mmene ndinkachitira ine pa mutu womwewo. Ndinkalemba pa bolodi: David Livingstone, 1855. Ndinkawauza kuti ili ndilo yankho la mayeso, lisungeni. Kenako ndinkafunsa kuti, kodi anafika bwanji pa chilumba chimene anaonerapo mathithiwo? Ana ankati pa bwato. Ankapalasa ndani? Zii. Kenako wina ankati anthu a komweko. Nanga anthuwo njira anaidziwa bwanji ngati mathithiwo anali asanatulukiridwe? Apo kalasi linkaphulika. Ndiye ndinkawapatsa dzina limene linalipo kale, Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Zonsezi mphindi zisanu. Pa mayeso ankalemba Livingstone n'kukhoza, koma ankadziwa kuti iye anali mzungu woyamba kuwaona, ndipo mawu akuti "kutulukira" ankawamva ndi khutu lina.

Silabasi si Baibulo, analemba ndi anthu pa komiti, ndipo imasinthidwa. Ine pa zaka zangazi ndaona ikusintha kangapo. Nthawi iliyonse amati afunsa aphunzitsi, ndipo amene amayankha ndi omwe anali ndi zolemba. Choncho Tadala, pakamwa uli napo, koma yamba kusunga kabuku. Lemba tsiku, mutu wa phunziro, chimene chinakanika ndi mwana amene chinamukanika. Ukadzaima pa msonkhano ndi kabuku kotero adzakumvera kusiyana ndi wongodandaula.

Tadala: Mayi zikomo. Koma ndikuopa lekichara. Fomu yawo ili ndi malikesi a kumaliza phunziro pa nthawi yake. Ndikayamba kulemba, kutembenuka, kubwereza mayankho, sindimaliza.

Mayi Nabanda: Mwina sumalizadi. Uwauze asanalowe m'kalasi kuti muli mwana wakuti ndipo uchita zakuti, ndipo ulembe m'kabokosi kaja. Akakudula malikesi, akudule akudziwa.

Madalitso: Kuwonjezera pa za nthawi: Mary Budd Rowe, amene ankafufuza kaphunzitsidwe ka sayansi ku America cha m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana kapena kudziyankha okha. Atawaphunzitsa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana amene sankayankha anayamba kuyankha. Sekondi imodzi imakwanira mwana amene yankho lili kale pa lilime. Wachibwibwi, womasulira m'mutu kuchoka ku chilankhulo china, wowerenga milomo, onsewo amakhala asanafike.

Pemphero: Masekondi atatu m'kalasi amatalika ngati ulaliki wa pa maliro. Ndinayesa lero, ndinachita kuwerenga chamumtima, manja anga akuyabwa kuti ndiloze mtsikana wanga wa nthawi zonse.

Yamikani: Ine ndikadikira masekondi atatu ana 94 ayamba msika.

Thokozani: Wayesa?

Yamikani: Sindinayese.

Tadala: Anzanga ndabweranso, papita sabata ndi masiku awiri. Ndikuuzeni mmene zayendera, zina bwino zina ayi.

Aphunzitsi aja ndinawafikira monga Mayi ananenera. Anakhala chete pang'ono, kenako anati "n'kutheka, paja amapendeketsa mutu." Anandithandiza okha kuitanitsa kholo. Kunabwera mayi ake. Atamva nkhaniyo sanadabwe n'komwe. Akuti khutu lakumanzere linkatuluka mafinya ali wamng'ono, ndipo anawauza aphunzitsi a sitandade 1. Palibe analemba paliponse. Mwana wadutsa m'manja mwa aphunzitsi asanu, uthenga unathera pa woyamba. Mayiwo anati ankaganiza kuti sukulu ikudziwa. Alonjeza kupita naye kuchipatala mwezi ukatha.

Kumusamutsa kunavuta. Nditamuuza kuti akhale kutsogolo anakana, misozi ili m'maso. Ndi wamtali, wabwereza kawiri, ndipo kutsogolo kumakhala tiana. Anzake anayamba kuseka. Ndinalakwitsa pomuuza pagulu, a Chifundo munandiuza zambiri koma ichi ndinayenera kuchiganiza ndekha. Mawa lake ndinamufunsa patokha kuti akufuna kukhala pati. Anasankha mzere wachiwiri chakukhoma, khutu lakumanja likuloza kalasi, ndipo anapempha kuti mnzake womukoka malaya uja asamuke naye. Ndinasuntha ana ena anayi nthawi yomweyo kuti zisaoneke ngati nkhani ndi iye.

Lekichara anabwera Lachinayi. Phunziro sindinamalize, gawo lomaliza linatsala. Anandidula pa kasungidwe ka nthawi, koma pansi analemba kuti ndipitirize kubwereza mayankho a ana. Kabokosi kaja anakawerenga, anandifunsanso kuti ndinadziwa bwanji.

Dzulo pa masamu mnyamata uja anakweza dzanja, koyamba chifikireni ine. Ndinadikira, ndinamuloza. Yankho linali lolakwa, anati 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 54. Kalasi linayamba kung'ung'udza, ine ndinalemba 54 pa bolodi n'kutembenuka, ndinati tiyeni tiyese limodzi. Atafika pa 56 anamenya benchi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ndapeza kuti kuwerenga kwake kuli kumbuyo kwambiri, amakopera mawu amene sangathe kuwatchula. Ine ndatsala ndi masabata asanu pano.

Chifundo: Masabata asanuwo lemba zonse pa pepala limodzi: khutu lake labwino, malo amene anasankha, zimene zathandiza, pamene kuwerenga kwake kwafika. Pepala limodzi upatse ahedi, lina aphunzitsi ake, lina mayi ake kuti chaka chamawa akalipereke okha kwa mphunzitsi watsopano. Ndipo ufunse ngati m'dera lanulo muli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera woyendera sukulu, amuone usanachoke.

Yamikani: Mayi Nabanda, funso. Si kuti ndasintha maganizo pa za mayeso. Koma ndili ndi kamtsikana kamene kamagunditsa buku pamphuno powerenga, ndipo pokopera za pa bolodi kamayang'ana kope la mnzake. Ndakalanga kawiri chifukwa choonera.

Mayi Nabanda: Mawa ana akatuluka pa buleki katsalitse, pasakhale anzake. Lemba manambala asanu pa bolodi kukula kwake monga umalembera masiku onse, kaimike pamene kamakhala, kawerenge. Kakalephera, kasendere kutsogolo benchi limodzi limodzi mpaka pamene kawerenge onse. Utiuze kuti kanaima pa benchi lachingati.